Mafunso Amene Achimwene Anabwera Nawo

Achimwene anachoka kwathu ku Malemia ine ndili folomu thuu. Anapita ku Ulaya kukapitiriza maphunziro a jogalafe, atatiuza kuti ndi zaka zitatu basi. Zitatha zitatuzo anayamba kutilembera kuti akangotera pabwalo la ndege amangidwa, poti anali atayankhulapo zandale kumeneko. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndiye tinkawamvetsa. Bambo anamwalira iwo kulibe, tinawamvetsanso.

Anadzabwera patapita zaka ziwiri chiyambireni zipani zambiri. Apo n'kuti ine ndili mphunzitsi pa sekondale ina ya m'chigwa chathu chomwechi, ndikuphunzitsa jogalafe yomweyo, ndikukhala ndi amayi amene maso anali atayamba kuchita khungu. Amayi anauza mpingo wonse kuti mwana wawo wabwerera kumudzi. Koma tsiku lachiwiri achimwene anatifotokozera kuti yunivesite imene ankaphunzitsako yawapatsa milungu itatu yokha. Ankafufuza chifukwa chimene anthu ophunzira a m'mayiko osauka amasamukira kunja, komanso zimene zimawachitikira abale awo otsala. Anatulutsa mulu wa mapepala a mafunso ndi kawailesi kojambulira mawu.

Ntchito yofunsayo inagwera ine. Chichewa chawo chinali chitauma, Chiyao chimene tinkatolera kwa anzathu tili ana anali atachiiwaliratu. Tinkadzuka m'mawa kuyenda wapansi m'mbali mwa minda ya mpunga, nthawi zina kukwera minibasi mpaka pa Songani. Tinacheza ndi bambo wina wachisilamu wogulitsa nsalu amene mwana wake wamkazi, namwino, anali ku Mangalande. Tinachezanso ndi mkulu wa mpingo amene anaphunzitsa mwana mpaka udokotala, koma dzino likamuwawa ankakhala pamzere kuchipatala ngati wina aliyense. Anthuwa ankatiyalira mphasa n'kutiuza zakukhosi, poganiza kuti mwina munthu wochokera kunjayu akakumana ndi ana awo n'kuwakumbutsa zakumudzi.

M'njira achimwene ankandiphunzitsa. Ankati dziko lonse tsopano lasanduka msika umodzi, luso limapita kumene likufunidwa monga amachitira madzi kutsata kutsetsereka, ndipo palibe woti n'kumuimba mlandu. Ndinkawamvetsera ndi njala, chifukwa zimenezi sizinali m'mabuku akale amene tinali nawo kusukulu. Tsiku lina tikudikira minibasi ndinalimba mtima. Ndinawauza kuti digiri yanga ndinakhoza bwino, ndipo ndakhala ndikulakalaka kupitiriza maphunziro kunja. Ndinawapempha kuti akandiyankhulireko kwa anzawo, kapena angonditumizira mafomu.

Anandiyang'ana modabwa.

“Nanga inunso mukachoka, achemwali, amayi atsala ndi ndani?”

Minibasi inabwera, tinakwera, iwo n'kupitiriza kundifotokozera za misika.

Kutatsala masiku awiri kuti anyamuke, anawerenga mapepala awo n'kupeza kuti pakusowa banja la mtundu umodzi: mayi wamasiye amene mwana wake wamwamuna yekhayo ali kunja. Anati tisavutike kufunafuna, amayi alipo. Ndinakana, koma anaumirira kuti ndi mphindi zochepa chabe. Anatinso ndifunse ndine, chifukwa akafunsa okha mayankho sakhala oona. Tinakhala pakhonde masana, amayi akusankha nyemba ndi zala poti maso sankaona bwino, achimwene atakhala kumbuyo kwawo ndi kawailesi kaja pamwendo.

Ndinawafunsa zaka zawo, kukula kwa munda, ndi kuti mwana wawo amalemba kalata kangati pachaka. Ankayankha mofatsa ngati sakudziwa kuti mwanayo ali pomwepo. Kenaka ndinafika pa funso lomaliza, lakuti ataya chiyani chifukwa cha kuchoka kwa mwana wawo. Anasiya nyemba zija.

“Ndinabereka awiri. Wina ndimamudziwira pachithunzi. Winayu ndinamumangirira pano ngati mbuzi kuti azindiyang'anira. Lembani kuti ndinataya onse.”

Ndinatembenuka kuti ndione nkhope ya achimwene. Anali ataweramira kawailesi kaja, kuonetsetsa ngati tepi ikuzungulira.

Amayi anamwalira dzinja lachiwiri lake. Ndinakaimba lamya kupositi. Achimwene analira, n'kunena kuti ophunzira awo ali pakati pa mayeso ndipo sangapeze wowagwirira ntchito. Tinaika maliro mvula ikugwa, amalume ndi amene anayankhula m'malo mwawo.

Patapita miyezi ingapo ndinalandira envulopu yaikulu. Munali nkhani imene achimwene analemba m'Chingerezi, yosindikizidwa bwino, dzina lawo lili pamwamba. Kumapeto anathokoza yunivesite yawo ndi anzawo awiri, kenaka womasulira wa m'deralo, osatchula dzina. Ndinaiwerenga nditaimirira mu ofesi ya aphunzitsi. Pa tsamba lina ndinawapeza amayi, atatchedwa mayi wina wokalamba wamasiye. Mawu awo analipo, koma theka lokha, loti mwana wake amamudziwira pachithunzi. Za winayo panalibe.

Ndinawalembera kalata yaifupi, kuwafunsa chifukwa chimene anadulira mawu a amayi. Yankho linatenga miyezi itatu. Anati malo anali ochepa, komanso gawo linalo linali kunja kwa mutu wa kafukufuku wawo, poti iwo ankafufuza za anthu ochoka. Anawonjezera kuti nkhaniyo yalandiridwa bwino ndipo akwezedwa pantchito.

Kalata imeneyo sindinaiyankhe. Teremu yotsatira mutu wa kusamuka kwa anthu unali pa silabasi ya folomu folo, ndipo ndinapempha mphunzitsi mnzanga kuti akauphunzitse ndi iye.