Vanishi Amene Sindinapake

Madamu amene ndimawagwirira ntchito yam'nyumba ku Oud Metha, kuno kudziko la eni, amasonkhanitsa mipando ndi makabati akalekale a paini, opangidwa pamanja. Mwezi woyamba ndinkawamvera chisoni. Kabati ya pabalaza inali yotuwa, yokandikakandika, pomwe kwathu katundu wotere timamupaka vanishi alendo asanamuone. Tsiku langa lopuma ndinakagula kachitini ka vanishi kumashopu a ku Karama.

Madamu anandipeza bulashi ili m'manja.

"Khalas! Siyani, mayi!" anakuwa.

Ndinaona kuti ntchito yathera pomwepa. Koma iwo anasolola dirowa n'kundionetsa kuti mulibe msomali, matabwa anangolumana okha. Nditayendetsa chala kunsi kwake ndinamva timizere. Fungo la utomoni linali lidakalimo.

"Mmisiri wa kabatiyi mpeni wa chopalira chake unabenthuka pang'ono," ndinatero. "Malemu amuna anga anali kalipentala ku Dedza. Utuchi wawo ndinkasesa ndine."

Madamu anandilanda bulashi n'kundipatsa kansalu ndi phula la njuchi lopukutira.

Kuyambira pamenepo, akamakagula kabati amanditenga. Iwo amayang'ana kutsogolo kwake. Ine ndimayamba ndagwira kunsi, monga ankachitira malemuwo.