Moto Umene Ankapala Kwathu

Amayi anga ankadwala khunyu. Matendawa anawayamba atangobereka mng'ono wanga womaliza, m'zaka zoyamba za Chitaganya, ife tikukhala m'mudzi wina kufupi ndi Sinda, abambo ali kumapulazi a fodya ku Halale. Atsibweni ankapalasa njinga mpaka kuchipatala cha mishoni ku Katete kukatenga timapilisi toyera. Timapilisito tinkathandiza ndithu, koma mwezi sunkatha amayi osagwa. Ankangoti "mutu wanga," maso n'kutembenuka, basi ali pansi.

Aliyense ankadziwa kuti wakhunyu saphedwa ndi khunyu, amaphedwa ndi moto kapena madzi. Kumudzi woyandikana nafe bambo wina anapsa dzanja mpaka zala kumatirirana, anthu akungoonerera, poti ankati ukakhudza thovu la wakhunyu nawenso watenga. Koma amayi anali osamva za munthu. Atsibweni atawauza kuti asiye kuphika, anayankha kuti, "Achimwene, mukufuna kundiika m'manda ndikupuma? Ana anga adzadya za m'manja mwanga." Nkhani inathera pomwepo.

Ine ndinali ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri, wapakamwa kotheratu, ndipo panali chinthu chimene chinkandinyansa. Amayi akangosonkha moto, pankatulukira munthu ndi phale m'manja, ati kudzapala moto. Lero amayi aang'ono, mawa akazi a mphunzitsi wa mpingo, mkuja amayi ena a Chinsenga amene anatengedwa ukwati m'mudzi mwathu, nyumba yawo ili kuseri kwa nkhokwe zathu. Wopala moto amapala n'kumapita, koma awa ayi. Ankakhala pansi, kutambalala, n'kuyamba za mvula, za mwana wa uje, mpaka mphika utaphulidwa. Amayi mwaulemu ankawapatsako ndiwo. Ine mumtima ndinkati mudzi uno wadzaza alesi ndi adyera.

Tsiku lina m'nyengo yokolola, amayi akukazinga nsawa, ndinakumana ndi amayi a Chinsenga aja pakhomo, phale lili m'manja. Ndinawatsekera njira.

"Kodi inu kwanu moto sugona? Dzana munapala, lero mwabweranso. Nkhuni zinatha m'tchire?"

Anandiyang'ana. Anangoti, "Chabwino, mwanawe. Koma usachoke pakhomo pano."

Ine, poona kuti ndawina mlandu, ndinanyamula mtsuko ulendo wa kuchitsime kuti ndikasimbire anzanga.

Sindinafike n'komwe. Mfuwu unandipeza panjira. Pobwerera ndinapeza amayi atagonekedwa chammbali pabwalo, mutu uli pamiyendo pa amayi omwe ndinawathamangitsa aja, akuwapukuta pakamwa ndi chikhatho chawo chenicheni, thovu lija anthu ankaliopa kuposa njoka. Sanali atapita kwawo. Anaima kuseri kwa nkhokwe n'kumasuzumira. Koma kuchokera pamenepo kufika pamafuwa pali kamtunda, ndipo anapeza mkono wa amayi utagona kale pamakala.

Atamanga bala, amayi aang'ono anandigwira dzanja. Ndinkayembekeza chikwapu, koma ananditengera kunyumba ya amayi a Chinsenga aja. M'katimo chitsa chinali kunyeka bwinobwino, chooneka kuti chakhala chili pamoto sabata yonse. Kuseri kwa nyumbayo kunali mulu wa makala ozima wofika m'mawondo mwanga.

"Uwu ndi moto wakwanu," anatero amayi aang'ono. "Wa zaka zitatu. Kwathunso ulipo mulu wotere. Tinagawana masiku, amayi asanu ndi mmodzi, amako osadziwa, chifukwa akanadziwa akanatithamangitsa monga wachitira iwemu. Nanga kuchitsime umayesa timakumana nawo mwangozi?"

Ndinakhala pansi pomwepo. Amayi amenewa anali ndi minda yawo, ana awo, ena amuna ovuta, koma kawiri pa tsiku mmodzi ankasiya zonse, kunyamula phale, n'kudzadzisandutsa wopemphapempha kuti amayi anga asachite manyazi ndi matenda awo. Palibe anawatuma, palibe ankawathokoza, ndipo ankalola kamwana kopanda mwambo kuwayesa adyera.

M'mawa mwake ndinapita kukagwada pakhomo pa amayi a Chinsenga aja, misozi ili chuchuchu. Anandidzutsa akuseka. "Zatha izo. Koma ukakawauza amako, pamenepo ndiye udzandidziwa."

Sindinawauze. Abambo anabwerako ku Halale, ine ndinakwatiwa, ena mwa amayi aja anamwalira ana awo n'kutenga masiku awo. Amayi anaphika okha mpaka imvi mbuu, ndipo anagwa kosawerengeka, pamoto ndi pachitsime pomwe, koma nthawi zonse pafupi panali manja. Anapita kumanda ndi chipsera chimodzi chokha, cha pamkono wamanzere. Chimenecho ndinawapatsa ndine.