Maloko a Alamu Anga

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, amakiya chilichonse. Pageti pali maloko awiri, mita ya magetsi ili m'kabokosi kachitsulo, ndipo rimoti ya tivi imagona m'thumba la jekete yawo. Kuntchito anawapatsa dzina loti a Maloko, iwo n'kumavomera. Nditabwerako kunja komwe ndinkaphunzira ndinafikira kwawo, m'chipinda chomwe amasungamo mamonita akufa. Anandilandira bwino, kundinyamulira chikwama mpaka m'kati, kenako anandifunsa kuti ndichoka liti.

Amagwira ntchito pa kampani yogawa mankhwala m'zipatala. Mawaya onse a netiweki pamenepo anayala ndi iwo, kalekale makompyuta a kampaniyo akukwana pa tebulo limodzi. Munthu akawapatsa moni mwansangala, amayamba agwira m'thumba kuona ngati makiyi alimo.

Kampani itagula maseva awiri atsopano, makompyuta akuluakulu osunga ntchito zake zonse, Madamu, oyang'anira nthambi yathu, anandilemba ntchito yowalumikiza. M'maseva otere mumakhala makompyuta opanda thupi, mavi-emu, omwe ine ndimangowatcha alendi. Wa maoda a zipatala ali ndi chipinda chake, wa katundu wa m'nkhokwe chake. Seva iliyonse ndi nyumba, ndipo ubwino wa nyumba ziwiri ndi woti ina ikafuna kukonzedwa umasamutsira alendi ku inzake, anthu a pakauntala osadziwa n'komwe. Komwe ndinaphunzira, zimenezi ndinkachita kapu ya khofi ili m'manja.

Kuno ayi. Mlendi wa maoda atangolowa mu seva yachiwiri anangoti zii. Pa sikirini ndikumuona ali moyo ndithu, koma netiweki osamufikira. Mapulinta a pakauntala anaima, madalaivala a malole anayamba kuliza mahutala pabwalo. Nditamubwezera kunyumba yake yakale, zonse zinadzuka ngati palibe chachitika. Mawa lake ndinayesa mlendi wina, chimodzimodzi.

Chomwe chinandiyabwa n'chakuti ndikathamangira kuchipinda cha maseva, ndinkapeza alamu afika kale. Ataima pafupi ndi kabati ya swichi, bokosi lomwe mawaya onse amakumaniramo, manja kumbuyo, makiyi akulira.

"Zavutanso, alamu?" ankatero. "Mwina zinthu zakunjazi zimafuna chisanu."

Madamu anandiitana n'kutseka chitseko. "Alamu anuwo akuopa kuti maseva atsopano awalanda ntchito," anatero. "Ine ndikuti mukatembenuka amazula waya. Mundipezere umboni, sabata isanathe akhala atapita."

Sindinawatsutse, chifukwa maganizo omwewo anali atandifikira kale. Ndinajambula mawaya onse pa foni. Ndinamata katepi kakang'ono pa chitseko chagalasi cha kabati, pansi posaonekera. Ndinasamutsanso mlendi, anafanso, koma katepi kanali pomwepo osang'ambika, mawaya ali momwe ndinawajambulira. Madzulo tikudya, alamu anavundikira foni yawo pa tebulo, n'kunena chakumbali kuti masiku ano m'chipinda cha maseva mwayamba kumera tepi.

Achemwali ananditsatira kukhitchini. "Iwe, ndiuze zoona. Unabwera kudzakhala nafe kapena kudzatikhazika pansi? Ana awa udzawadyetsa ndiwe?"

Yankho ndinalipeza masana ena kotentha, kwa kalaliki wa pakauntala, mayi wa pakamwa. Anakokera kompyuta yake ku desiki ya pawindo, analowetsa waya m'bowo la pakhoma, n'kukuwa: "A Maloko! Ndasamuka kuno, bwerani mudzandidziwitse kwa khoma!"

Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani.

"Ha, bwana wakunja simudziwa? Kuno kompyuta ikasintha bowo imafa mpaka a Maloko adzailembe. Ngakhale pulinta imayenda ndi chiphaso."

Anandiuza mmene zinayambira. Zaka zapitazo mlendo wina anabwera ndi laputopu yake, analowetsa pakhoma osapempha, ndipo kachilombo ka m'makompyuta kanapukuta maoda onse. Mlandu unagwera alamu. Anawaimitsa ntchito, achemwali ali ndi khanda m'manja. Atabwerera anaphunzitsa swichi kuti makina aliwonse aziwadziwa pa khomo limodzi lokha, bowo lomwe analembedwapo. Akaoneka pa khomo lina, ndi wakuba, atsekeredwe kunja.

Ndinakhala pansi. Alendi anga akasamuka, amatulukira pa waya wa seva inayo, khomo lachilendo. Palibe amene ankazula kanthu. Swichi inkangochita khalidwe la mwini wake.

Alamu ndinawapeza m'chipinda cha maseva akupukuta fumbi pa kabati yoyera kale.

"Alamu, ndi maloko anu aja akupha alendi anga. Ndipatseni pasiwedi ya swichi nditsegule makomo a maseva."

"Ndikupatseni? Kuti mawa Madamu anene kuti a Maloko sakufunikanso, mlamu wawo akudziwa zonse?"

"Madamu akunena kale kuti mukuwononga dala. Lachisanu akufuna yankho."

Makiyi a alamu anasiya kulira. "Ndikatsegula, wakuba akalowera pamenepo, adzaimitsa ndani? Inu mudzakhala mutakwera ndege kale. Anthu ngati inu simukhalitsa."

"Makomo amenewo ali m'kati mwa kabati yomwe kiyi wake muli naye nokha. Wakubayo ndiye kuti ndinu."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno. "Tembenukani. Yang'anani kukhoma. Foni ikani apa."

Ndinaima ngati mwana wolangidwa, ndikumva zala zawo pa kiyibodi. Sizinadodome, sizinafufuze. Anapita ndendende pa mizere yofunikayo, ngati munthu amene anaiwerenga dzulo ndi dzana. Atati "yesani", ndinasamutsa mlendi wa maoda. Pakauntala pulinta inapitiriza kulira, mayi uja akukangana ndi dalaivala za katoni yonyowa, osadziwa kuti kanthu kasuntha.

"Alamu," ndinatero ndikutenga foni yanga, "munkadziwa chiyambire?"

"Munandifunsa? Inu munkafunsa tepi."

Lachisanu Madamu anatiitana tonse awiri. Alamu anakhala m'mphepete mwa mpando, jekete atamanga mabatani onse.

"Ndiye ankachita dala kapena ayi?" anafunsa Madamu, akuyang'ana ine.

Ndinakumbukira zala zija, kufulumira kwake. Ndinakumbukiranso achemwali ali kukhitchini.

"Linali lamulo lakale loteteza netiweki, Madamu. Linkagwira ntchito yake, kungoti silinkadziwa alendi osamukasamuka. Waya palibe amene anaukhudza, zithunzi ndili nazo. Ndipo amene wakonza ndi iwowa."

Zonse zomwe ndinanena zinali zoona. Madamu anatiyang'ana mosinthanasinthana, ngati akufunafuna pomwe tasokerera nkhani yathu, kenako anati tizipita, ntchito ikudikira.

Alamu akadali pa ntchito. Zikomo sananene. Lolemba lake ndinapeza loko watsopano pa kabati ya swichi, wamkulu kuposa woyamba. Madzulo ndikudutsa pakhonde ndinawamva akufunsa achemwali chapansipansi: "Mlongo wakoyu, akayang'ana kukhoma, amaonanso za kumbuyo? Galasi la kabati lija limanyezimira."

"Ndiye musinthe pasiwediyo," anatero achemwali.

"Ndasintha kale. Ndikungofuna kudziwa munthu amene ndikugona naye nyumba imodzi."