Mabatire Oyanika Padzuwa

Abambo anga anayamba kundiiwala pang'onopang'ono. Poyamba ankanditchula dzina la mng'ono wanga, n'kuseka okha. Kenako anayamba kundilandira ngati mlendo. Ndikafika kumudzi kuchokera ku Madisi, kumene ndimaphunzitsa, ankadzuka pampando, kundipatsa moni ndi manja awiri, n'kufunsa kuti, "Kodi kwanu n'kuti, bambo?" Ine mwana wawo woyamba, wa imvi kale m'ndevu, kufunsidwa kwathu pakhonde pamene ndinakwawira. Zinkandipweteka, ndipo sindibisa, zinkandikwiyitsanso. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: andiyang'ane kamodzi n'kudziwa kuti ndine mwana wawo.

Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda a ukalamba ndipo sabwerera m'mbuyo. Kumudzi kwathu, m'mapiri a kufupi ndi Kasakula, anthu anali ndi mayankho awoawo, ena olankhulira kumbali. Chinkawapatsa nkhani n'chakuti abambo anali ndi zizolowezi ziwiri. Ankatola mabatire akutha, a mutochi ndi a muwailesi, ngakhale kudzala kwa eni ake, n'kuwandandalika pamwala dzuwa likatuluka. Wina akawakhudza, inali nkhondo. Ndipo ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumalira ndi milomo, "zzzz, bvuuu," zala za dzanja lamanzere zikuyendayenda pantchafu. Adzukulu ankati agogo asanduka njuchi. Ine ndinkadziwa kuti limenelo ndi gitala.

Ali mnyamata, abambo anapita kumigodi ya ku Zambia, koma mumgodi sanakhalitsemo. Analowa m'gulu loimba nyimbo za roko, zija za nthawi ya tsitsi lalikulu ndi mathalauza otambalala kumapazi. Pobwerera anawameta tsitsilo pamalire, koma katundu anadutsa naye: gitala la magetsi, kasipika, ndi kachitsulo kozungulira koponda ndi phazi. Kachitsulo kameneko oimba amakatchula kuti fazi. Ukakaponda, gitala limasiya kulira mwaulemu, mawu ake amang'ambika ngati munthu akudula malata. Ndili mwana ndinalimva pa maukwati, makamaka fodya akagulitsidwa. Akuluakulu a kutchalitchi ankati ndi nyimbo za osuta chamba, koma mapazi awo ankagwedezeka pansi pa benchi. Chaka china cha njala zonsezo zinasinthidwa ndi chimanga, ndipo abambo sanazitchulenso.

Ine ndinatengera gitala, koma la kwaya. Ndimaimba pa Misa, mawu oyera, osadumpha mzere. Abambo akadali bwino ankandiseka kuti ndimaimba ngati munthu wovala jekete yobwereka. Ndiye tsiku lina, ndikumvetsera kulira kwa milomo kuja, maganizo anandifikira. Ndikawabweretsera phokoso lenilenilo, likutuluka m'manja mwanga, mwina angatukule maso n'kuona mwana wawo.

Ndinafunsa amayi mmene kachitsulo kaja kankaonekera.

"Ngati chivundikiro cha poto," anatero. "Ndipo kanali kamwano. Tsiku lina kanayamba kuwerenga nkhani za pawailesi pakati pa ukwati."

Ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe. Nditazungulira masitolo odzaza makiyibodi a m'matchalitchi, ndinapeza kasitolo kena ka zoimbira zakale, mwini wake bambo wolongolola wa chipewa chachikopa. Sindinadziwe mofotokozera chimene ndinkafuna, choncho ndinatseka maso n'kulira ndi milomo ngati abambo. Anthu amene anali mommo anaseka mpaka kugwira nthiti. Mwini sitolo sanaseke. Anatulutsa zipangizo zitatu n'kundipatsa gitala loyesera.

Choyamba chinali chatsopano, cha timagetsi tambirimbiri. "Umu muli zonse, akulu," anatero. "Fazi alimo, mawu a m'phanga alimo, chimene mungafune." Ndinayesa. Fazi analimodi, koma wosukuluka ngati tiyi wa pamaliro. Chachiwiri chinali chibokosi cholemera. Ukagunda nsambo imodzi, mawu ankatuluka onenepa, osalala, n'kupitirira osatha. Ndinachikonda, ndipo ndikanagulira mtima wanga ndikanatenga chimenecho. Koma milomo ya abambo sinkalira mosalala. Inkatsokomola, kudukiza, n'kufa mwadzidzidzi.

Chachitatu mwini wake anachikankhira kumbali ndi chigongono. Kanali kozungulira, kokalikakalika, kokhala ndi zopotokola ziwiri zokha.

"Aka kasiyeni, n'kamisala," anatero. "Kukatentha kamalira kwina, kukazizira kwina. Nthawi zina kamagwira wailesi. Munthu wa kwaya ngati inu kadzakuchititsani manyazi pamaso pa ansembe."

Atangotchula wailesi ndinaona nkhope ya amayi. Ndinakatenga komweko. Iye anapukusa mutu, anakaikira batire latsopano la ngodya zinayi, n'kundiuza kuti ndisadzabwere kudzadandaula.

Ndinayeserera kunyumba kwa masabata angapo, mkazi wanga akutseka mawindo chifukwa cha manyazi. Zala zanga zozolowera nyimbo za Misa zinkachita mantha ndi phokosolo. Komabe ndinafika poti ndikagunda, ine ndemwe ndinkamva ubwana wanga chapatali.

Ndinapita kumudzi m'nyengo yozizira, nkhungu itakuta mapiri mpaka dzuwa litakwera. Abambo anali pansi pa mango atafunda bulangete. Anandipatsa moni wa mlendo monga mwa masiku onse. Ndinakhala pampando pamaso pawo, kulumikiza gitala, kachitsulo ndi kasipika kanga kotchaja. Ndinaponda n'kugunda nsambo.

Phokoso linatuluka lamphamvu, lakuthwa, lodzikuza. Nkhuku zinabalalika. Abambo anatseka makutu ndi manja awiri n'kuitana amayi.

"Mayi, tamuuzani mlendoyu achotse chigayo chake pano."

Ndinayesa kupotokola uku ndi uku, kuchepetsa, kuwonjezera. Iwo anangotembenukira kumbali n'kudzikuta bulangete kumutu. Ndinazimitsa. Ndinapita kuseri kwa chigafa cha fodya n'kukhala pamtengo wogwa, ndipo ndinatukwana chamumtima mwini sitolo, matendawo, ndi ine ndemwe, bambo wamkulu wokhulupirira kuti kachitsulo kangachiritse chimene madokotala alephera. Ndinawakwiyiranso abambo, ngakhale ndinkadziwa kuti alibe mlandu.

Ndili pomwepo ndinamva mkuwo pabwalo. Mbuzi inali itakwera pamwala paja n'kugwetsa mabatire. Abambo anali chilili, bulangete pansi, akunjenjemera ndi ukali.

"Chotsani mbuzi iyo! Mawa kuli ukwati. Tikaimbira chiyani?"

Amayi anathamangitsa mbuziyo n'kuyamba kutola mabatire ngati palibe chachilendo. Ndinawayandikira n'kufunsa chimene ukwati unkakhudzana ndi mabatire akutha.

"Iwe waiwala?" anatero, osandiyang'ana. "Kabatire ka chinthu chawo chija kankapezeka kuti kuno? Ankamanga a mutochi asanu ndi limodzi, mzere umodzi. Atsopano ndinkawakaniza, anali a wailesi yanga. Iwo ankatenga otsala, kuwayanika padzuwa tsiku lonse kuti abwerere mphamvu, n'kupita nawo."

Ndinaima ngati chitsa. Zaka zonsezi tinkati kuyanika mabatire ndi misala, pamene munthu ankakonzekera ntchito yake. Ndipo phokoso limene ndinkalisaka silinali la kachitsulo kokha ayi. Linali la kachitsulo kodyetsedwa mabatire otopa. Ine ndinali nditakabweretsa kokhuta.

Ndinapita kwa abambo n'kugwada monga mlendo amene iwo ankamuona.

"Bambo, mungandibwerekeko mabatire anuwa? Anga sakulira bwino."

Anandiyang'ana mokayika, kenako anawerama pamwala. Ankatola limodzi, kuliyeza m'dzanja, kulimenyetsa pang'ono pamwala, ena kuwataya kumbali. Munthu amene sankadziwa tsiku kapena dzina la mdzukulu anasankha mosazengereza. Ndinawakulunga m'nyuzipepala yakale, mutu ndi thako, mutu ndi thako, n'kumanga ndi legeni. Ndinachotsa batire latsopano lija n'kulumikiza timawaya.

Nditagunda nsambo, mawu anatuluka ong'ambika, okhwepa. Anakwera pang'ono, anatsokomola, n'kuduka ngati munthu wotsekedwa pakamwa. Kunena zoona, kwa ine ankamveka ngati chinthu chowonongeka. Koma ndi zomwe milomo ya abambo inkanena miyezi yonseyi.

Abambo anatembenuka. Anatambasula manja onse awiri, ndipo ndinawapatsa gitala. Zala zawo zinali zitauma ndi zaka za kusoka fodya, ndipo poyamba zinkaphonya. Kenako zinapeza malo ake. Anaimba kachigawo kakafupi, kubwereza, kubwerezanso, akukankhira nsambo m'mwamba mpaka italira ngati ikudandaula. Phazi lawo losavala nsapato linafufuza kachitsulo pansi n'kukapeza lokha. Amayi anali ataima pakhomo la khitchini ndi lichero, misozi ikutsika, osaipukuta. Amayi ena opita kumjigo anaima kumpanda, zidebe zili kumutu.

Abambo atatopa anandibwezera gitala n'kundiuza kuti ndiyese. Ndinayesa.

"Ayi, ayi. Musaiope nsambo. Ikankheni, ilire."

Ndinaikankha mpaka chala chinawawa. Anagwedeza mutu, kumwetulira, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, m'maso mwenimweni, mmene anali asanandiyang'anire kwa zaka. Ndinati chamumtima, ndi pano.

"Mumatha, achimwene," anatero. Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Ndili ndi mwana wanga ku Madisi, mphunzitsi. Nayenso amagwira gitala, koma la kutchalitchi, mawu osamba ndi sopo. Mwana wabwino, wamantha chabe. Mukakumana naye mum'phunzitseko zimenezi."

Amayi analowa m'khitchini.

"Ndipo mumuuze abwere," anapitiriza. "Papita nthawi osandiona. Kaya ndinamulakwira chiyani."

Ndinafuna kuwagwira mapewa n'kufuula kuti ndine pano, ndakhala ndikubwera mwezi ndi mwezi. Ndinali nditayesapo kale zimenezo, ndipo zinkangowachititsa mantha. Choncho ndinangonena kuti ndimuuza.

Pobwerera ku Madisi tsiku lotsatira ndinalira m'minibasi, nkhope nditayang'anitsa kuwindo, gitala lili pakati pa miyendo. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa ngati ndikuchokera kumaliro. Ndinati ayi, ndikuchokera kwa bambo anga, ali moyo. Sindikudziwa ngati anandimvetsa.

Chibokosi chosalala chija ndimachikumbukabe, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti ndikanangogula chimenecho, ndikanakhala ndi chosangalatsa mtima wanga popanda kumva mawu a abambo aja. Koma kozungulira kaja n'kamene kali m'chikwama changa. Aphunzitsi anzanga anazolowera, batire likatha m'tochi kapena m'wotchi ya kukhoma sataya, amandisiyira patebulo. Sanandifunsepo chifukwa, ndipo ndimawathokoza pa zimenezo.

Masiku ano ndikafika kumudzi abambo sandifunsanso kuti kwathu n'kuti. Amandidziwa. Ndine achimwene a gitala, ndipo akandiona potulukira pamseu amadzuka mwachangu kupita pamwala kukasankha mabatire. Timakhala pansi pa mango, iwo kuimba, ine kuimba, mpaka mabatire atatheratu. Zala zawo zikunka zifooka, ndipo kachigawo kaja kakufupikirafupikira. Ndikamanga katundu kuti ndizipita, amandigwira dzanja ndi manja awiri n'kufunsa funso lomwelo.

"Mwana wanga uja munamuona?"

Ndimayankha kuti ndinamuona, ali m'njira.