Mitanda ya Paphiri Lathu

Mkamwini wanga amayendetsa alendo odzaona malo, kuwatenga ku Lilongwe kupita nawo kunkhalango ya Ntchisi. Maliro a mkazi wanga atapita, anabwera kwathu kuno ku Dowa ndi maganizo oti aziwapatutsiranso paphiri la kuseri kwa mudzi wathu.

Anakhala pakhonde n'kundionetsa foni. Anati pa Chingerezi malo amawatchula mosiyanasiyana: ena otchuka dziko lonse, ena oti munthu asafe asanawaone, ena ongodziwika kwa eni dera. Koma amene azungu amawakonda kwambiri, anatero, ndi omwe amati chuma chobisika, kumene phazi la munthu silinapondeko.

"Phiri lathuli tilemba choncho, bambo."

"Silinapondeko phazi la yani, apongozi?"

Anaseka. "Ndi kalankhulidwe chabe. Chovuta ndi mitanda ija. Pachithunzi ikuonetsa kuti anthu amafikako. Tingoizula, tikaisunge kutchalitchi."

Mitandayo anaimika ndi amayi a mphakati wathu wa kutchalitchi, mkazi wanga ali patsogolo. Anasenza mitengo yake pamutu mvula ikugwa, iye chifuwa chitamuyamba kale. Lachisanu Loyera lililonse timakwera njira ya paphiripo, kugwada pamtanda uliwonse. Miyala ya pamenepo inasalala ndi maondo a anthu.

Ine sindifulumira kuyankha munthu. Ndinamuuza kuti ndiyambe ndapemphera. Masiku otsatirawo ndinayesetsa kumumvetsa. Ali ndi ana, adzukulu anga omwe, ndipo sankafuna choipa. Koma ndikaganiza zoti mlendo adzaime pamene mkazi wanga ankagwada, n'kuuzidwa kuti sipanafikepo munthu, mtima unkakana.

Atabweranso ndinati, "Alendo abwere. Madzi tiwapatsa, njira tiwalozera. Koma mulembe kuti phirili n'lodziwika. Likudziwika kuno, ku Nachisaka, mpaka ku Madisi. Osalidziwa ndi iwowo."

"Bambo, zoterozo sizikopa anthu."

"Ndiye asakopeke."

Mwana wanga wamkazi, mkazi wakeyo, anandiimbira foni, akuti ukalamba wandiumitsa mutu. Sindinamutsutse.

Tsiku la msika ndinakagula njereza ndi burashi. Ndinakwera pang'onopang'ono, ndikupumira m'njira, n'kupaka mtanda uliwonse mpaka kuyera mbee. Tsopano mitandayo imaoneka ngakhale uli kumsewu. Mkamwini wanga amadutsa pomwepo ndi alendo ake osaima. Akamufunsa za zoyerazo, sindidziwa amawayankha chiyani.