Akuti inali njala ya Ramazani

Kachipatala kathu kaja katilanda mawu a bambo anga. Ndinena, kaya mundida.

Ababa ndiwo ankaitanira anthu ku swala pamzikiti wa m'mudzi mwathu, kufupi ndi Lungwena. Lachiwiri lina m'mwezi wa Ramazani, akutawaza, kusamba kokonzekera swala ya masana, ketulo ya madzi inawapulumuka. Pakamwa panakhotera mbali imodzi. Dzanja lende. Poyankhula, ngati avumata mbatata yamoto.

Ndinawakweza pa kabaza. Pofika kuchipatala zonse zinali zitatha zokha, akuyankhula bwinobwino.

Tinakhala pabenchi mpaka matako kuchita dzanzi. Adokotala, munthu wobwera, sanadzuke n'komwe pampando.

"Madala, mukusala kudya?"

"Eya, tili pa swaumu."

"Basitu, ndi njala imeneyo. Mwezi uno mumatidzazira mzere ndi chizungulire. Dzuwa likalowa kamweni tiyi wa shuga wambiri."

Ndinati, "Adokotala, pakamwa panakhota, ndaona ndi maso angawa." Akuti nanga pano pakhota? Ndinapempha kuti awayeze bipi. Akuti makina alibe mabatire.

Njala imakhotetsa pakamwa mbali imodzi? Imasankha dzanja? Bwenzitu mudzi wonse tili okhota!

Ababa anatuluka akuseka. "Wamva, mwanangu? Wangondiphonyetsa swala."

Lachisanu masana ndinkatsuka mbale pamene ababa anayamba kuitana. "Allahu akbar, Allahu..." Kenako zii. Ndinaima ndi mbale m'manja, kudikira kuti amalize. Anawapeza atagwa pakhonde la mzikiti.

Kuchipatala chachikulu kuboma anati ndi sitiroko. Namwino anandifunsa ngati chinachitikapo china m'mbuyomu. Nditamufotokozera anangogwira pakamwa. Akuti cha Lachiwiri chija chinali sitiroko yaing'ono, chenjezo. Akuti masiku otsatirawo ndiwo oopsa kwambiri, ndipo mankhwala akanatha kuchepetsa ngoziyo. Ife tinapatsidwa tiyi.

Lero ababa sayankhula. Nthawi ya swala ikakwana amakweza dzanja lotsalalo kukhutu, milomo n'kumanjenjemera. Zimandipweteka, ndipo ndimaopa kuti yachitatu ili m'njira.

Inu adokotala, mabatire aja munagula? Mwezi uno mwabweza angati ndi tiyi wanuyo?

Abale, pakamwa pakakhota n'kuwongoka pokha, musalole kubwezedwa. Kakamirani, pitani kuboma tsiku lomwelo.

Pamzikiti pano akuitana ndi wina, ndipo amamaliza bwinobwino. Koma ine ndikamva, manja amaimabe m'madzi pa mawu omwe aja pamene ababa analekezera.