Ndalama za Saumu Zinaolera M'chitini

Mu Febuluwale 1996, Saumu anagwada m'kanyumba kake ka malata ku Daveyton, ku Joni, n'kuyamba kukumba pansi pa bedi ndi supuni. Mwamuna wake, Zuberi, anali atagwidwa pa siteshoni chifukwa chosowa mapepala, n'kubwezedwa kwawo ku Mangochi. Mwini malo ankafuna lendi, ndipo mwana wawo Nadia anali ndi miyezi isanu ndi itatu.

Chitini chomwe anakwiriramo ndalama chinatuluka chili dzimbiri lokhalokha. Madzi a mvula anali atalowamo. Ndalama zomwe anabisa kwa zaka ziwiri zinali zitasanduka phala. Zomwe anatha kuumitsa ndi simbi zinangokwana R70.

Banja ili linali la anthu osiyana. Zuberi ndalama zinkamuyabwa m'manja. Akalandira kufakitale ya ku Isando ankagula masuti, nsapato ndi wailesi, kuti akadzafika kumudzi anthu adzaone kuti munthu wachokera ku Joni. Saumu anali wamantha. Kubanki sakanamulandira popanda mapepala, munthu sankamukhulupirira, ndiye anakhulupirira dothi. Onse awiri anathera pamodzimodzi: opanda kanthu.

Ndi R70 ija anagula ufa, mafuta ndi yisiti, n'kuyamba kugulitsa mandasi, omwe kuno amati magwinya, pageti la fakitale ina ku Isando. Ankakazinga makumi atatu okha patsiku. Anthu ankabwerera pamzere, koma iye osawonjezera ufa.

Pakati pa ogula panali Gertrude, mayi wa ku Ntcheu yemwe ankasesa mufakitalemo. Uyu akalandira Lachisanu, Lachiwiri amakhala akupempha ya takisi.

"Mayi a Nadia, inu mumagulitsa ngati mukupepesa," anatero tsiku lina. "Anthu akubweretserani ndalama, inu mukuthawa."

"Nanga akatsala?"

"Ndidzadya ine, sindikana."

Saumu sanaseke. "Nanga inu achemwali, malipiro a Lachisanu ali kuti?"

Gertrude anayang'ana kumapazi kwake. "Ndavala."

Anagwirizana chinthu chimodzi. Gertrude akalandira, theka azipereka kwa Saumu, ndipo asamubwezere ngakhale atalira. Koma pokagula ufa, wonena kuchuluka kwake akhale Gertrude. Ndalamazo zizipita kugulu la amayi osungitsana, lomwe kuno amati stokofela, osati pansi pa bedi.

Ulendo woyamba Gertrude ananyamula matumba awiri akuluakulu a ufa. Saumu anakanda ufawo n'kuyamba kukazinga. Magwinya ankatha belu la fakitale lisanalire.

Mayeso enieni anabwera mu Disembala. Mafakitale amatseka pafupifupi mwezi wathunthu, ogula amasowa, ndipo aliyense amathamangira kutumiza katundu kumudzi. Zuberi analemba kalata kuti amutumizire njinga, abale asamuseke. Gertrude naye anabwera atanyamula chikwama.

"Ndipatseniko zanga pang'ono, Khirisimasi ndi kamodzi pachaka."

"Munanena nokha kuti ngakhale mulire."

"Ndinkangocheza."

"Ine sindinkacheza."

Gertrude anakhala sabata ziwiri osamulankhula. Zuberi anayankhidwa ndi R50 ndi moni.

Januwale atafika, ambiri ankagulitsa mawailesi awo kuti apeze lendi. Amayi awiriwa anagula mbaula ya gasi, n'kuchita lendi kamalo pafupi ndi pokwerera takisi. Pofika 1999 anali atalemba amayi ena awiri, ndipo Nadia ankapita kusukulu ya mkaka yolipira. Panalibenso wopempha mwamuna kapena bwana ndalama ya sopo.

Saumu sanasinthe mtima. Galimoto ya polisi ikadutsa, ankaopabe. Anangosiya kulola mantha kulamulira chilichonse.

Inu amene mukuwerenga, mwina ndinu wogwira kwambiri, mwina ndinu womwaza. Musataye nthawi kudzinyoza kapena kudikira kuti mudzabadwenso. Dziwani pomwe mumagwera, ndipo pamenepo ikanipo munthu amene sagwerapo. Musafooke. Yambani ndi malipiro a Lachisanu lino.